Funsani Malume: madzi a pampope akalowa tizilombo

Makalata ambiri a ulendo uno akunena za madzi, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi. Amene munafunsa za makoswe ndi za utsi wa m'khitchini mupirire pang'ono. Kalata ya mwana amene akutsegula m'mimba singadikire mwezi wamawa.

Funso: Malume, a bungwe lotigawira madzi alengeza kuti apeza tizilombo totchedwa E. coli m'mipope ya dera lathu, ndipo akuti tiziwiritsa madzi. Koma ine ndikatunga m'tambula, madzi ali mbee, fungo palibe. Dzulo ndi dzana tonse tinamwa, palibe wadwala. Kodi si kungotiopseza kumeneku? — Mayi wa ana atatu

Yankho: Achemwali, terekani kaye madziwo pamoto, tikambirane akuwira.

Maso anu ali bwino, kungoti ntchito imeneyi si yawo. Mutandandalika tizilombo ta E. coli 500, kena kumbuyo kwa kanzake, mzere wonsewo ungakwane milimita imodzi yokha. M'tambula imodzi mutha kukhala tizilombo mamiliyoni, madzi n'kumaonekabe mbee, kukoma kwake osasintha. Mu 1854 mliri wa kolera utabuka ku Soho, mumzinda wa London, dokotala John Snow analondola nyumba zimene munatuluka maliro, ndipo anapeza kuti zaunjikana mozungulira mpope wa mumsewu wa Broad Street. Mpope umenewo unali wotchuka chifukwa cha madzi ake okoma. Mayi wina wamasiye anali atasamukira ku Hampstead, kutali ndi kumene kunali mliri, koma ankatumitsabe botolo la madzi a pa Broad Street poti anawazolowera. Anamwa, nadwala, namwalira. Pambuyo pake zinadziwika kuti dzenje la zonyansa la nyumba ina, mmene ankatayiramo madzi ochapira matewera a khanda lodwala, linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho ndipo linkachucha. Anthu oposa 600 anafa.

Tsono za E. coli. Kachilomboka, kamene dokotala wa ana Theodor Escherich anakafotokoza mu 1885, kwawo ndi m'matumbo a anthu ndi nyama. Mitundu yake yambiri sivulaza. Inu ndi ine tili nayo m'mimba pakali pano. Chimene chimatidetsa nkhawa tikakapeza m'madzi n'chakuti sikafika mmenemo popanda chimbudzi. Kakapezeka, ndiye kuti penapake chimbudzi cha munthu kapena ndowe za ziweto zalowa m'madzi posachedwapa, ndipo pamene kadutsa iko pangadutsenso kolera, tayifodi, kamwazi, Salmonella ndi Campylobacter. Kufufuza matenda onsewa limodzilimodzi kungadye nthawi ndi ndalama zambiri, n'chifukwa chake timasaka kamodzi kameneka. Muyezo wa bungwe la World Health Organization supita m'mbali: m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ngakhale kamodzi.

Ndikuuzeni mmene ntchito yoyeza madziyi ndinkaigwirira, poti yankho lanu lagona pamenepo. Ndinkafika pampope ndi botolo lopanda kachilombo kalikonse, m'kati muli kamankhwala kochepa kofoola klorini kuti asapitirize kupha tizilombo tili m'njira. Kukamwa kwa mpope ndinkakuwaula ndi moto, kutsegula madzi atayike kwa mphindi zingapo, kutunga, kutseka, kuika m'bokosi lozizira, n'kuthamangira ku labotale tsiku lomwelo. Kumeneko mamililita 100 amasefedwa pa kapepala ka timabowo tosaoneka, kapepalako n'kugonekedwa pa chakudya cha tizilombo m'kabati yofunda. Ndiye mumadikira. Tizilombo sitioneka mpaka titaswana n'kupanga timadontho towerengeka ndi maso, ndipo zimenezi zimatenga maola 18 mpaka 24. Onjezanipo nthawi yotsimikiza, yoimba mafoni, yolemba chilengezo. Chenjezo limene mwamva leroli likunena za madzi amene anatuluka pampope dzana kapena kale kuposa apo. Chenjezo la madzi limachedwa nthawi zonse, ngakhale ogwira ntchito atakhala akhama chotani.

Matenda nawo sabwera tsiku lomwelo. Kolera ndiye amafulumira, amaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku 5. Campylobacter amatenga masiku 2 mpaka 5, mtundu woopsa wa E. coli wotchedwa O157:H7 masiku 3 kapena 4, pamene tayifodi atha kukhala phee sabata imodzi mpaka atatu. Choncho mawu anu oti palibe wadwala, pa tsiku lachiwiri, sanatiuze kanthu.

Ku Walkerton, tauni ya anthu pafupifupi 4,800 m'chigawo cha Ontario ku Canada, kunagwa chimvula pa 12 Meyi 2000, madzi osakanikirana ndi ndowe za ng'ombe za pafamu yoyandikana n'kulowa m'chitsime chimodzi chosazama cha tauniyo. Oyang'anira madzi sankathira klorini wokwanira, ndipo m'kaundula ankalemba manambala abodza. Ana atayamba kufika kuchipatala akuchita chimbudzi cha magazi, a zaumoyo anafunsa, n'kuuzidwa kuti madzi ali bwino. Chenjezo loti anthu aziwiritsa linatuluka pa 21 Meyi. Anadwala oposa 2,300, ndipo 7 anamwalira. A bungwe lanu anena poyera, achemwali. Ine bungwe limene limalengeza vuto ndimalikhulupirira kuposa limene silinalengezepo kanthu chiyambire.

Funso: Malume, kwathu madzi sabwera tsiku lililonse. Akamabwera, mpope umayamba watsokomola mpweya, kenaka amatuluka ofiira, patapita kanthawi n'kuyera. Chimandidabwitsa n'chakuti madzi amachoka koyeretsera atathiridwa mankhwala, ndipo amayenda m'mapaipi otseka. Nanga tizilombo tilowera pati? — Bambo wodabwa

Yankho: Achimwene, palibe mzinda padziko lapansi umene mapaipi ake sadontha. Polumikizira pamamasuka, dzimbiri limaboola, magalimoto olemera amaphwanya, wina pokumba maziko amatema paipi ndi piki, kumanga ndi mphira, kukwirira, osauza munthu. Paipi ikakhala yodzaza, madzi ake amakankhira kunja. Pabowo pamatuluka madzi oyera, dothi lozungulira limanyowa, koma palibe chimene chimalowa. Mphamvu yokankha ija ndiyo imakutetezani, klorini amangothandizira.

Madzi akatsekedwa, zinthu zimatembenuka. Otsala m'paipi amatsetserekera ku nyumba zakumunsi, kumtunda n'kusiya mpata, ndipo paipi imayamba kukoka, monga mmene munthu amakokera chakumwa ndi kapaipi. Chilichonse chimene chadikha pafupi ndi bowo lija chimayamwidwa: madzi a m'ngalande, ochucha ku thanki ya zonyansa, a m'chimbudzi chokumba chimene chasefukira ndi mvula. M'misewu yambiri paipi ya madzi akumwa ndi ya zonyansa zimayendera limodzi, ndipo madzi amene paipi yathu inadonthetsa dzulo ndi omwewo amene ikubwezera m'kati lero, atasamba kale m'nyansi. Mpweya umene mumamva ukutsokomola ndi umboni woti paipi inali yopanda kanthu. Kufiira kuja kwambiri ndi dzimbiri ndi matope zimene zakokoloka m'kati mwa paipi, ndipo zoterezi zimamaliza klorini asanaphe tizilombo.

Madzi oyambawo musamwe. Kolopereni, thirirani maluwa, gejemulirani m'chimbudzi. Mpope uyende mpaka madzi ayere. Ngakhale atayera, ngati kwanu madzi amangodukaduka, ndikanakhala ine akumwa ndikanamawawiritsa kapena kuwathira mankhwala masiku onse, chenjezo lilipo kaya palibe. Makamaka kukagwa mvula yambiri, kukasefukira, kapena mukaona amisiri akukonza paipi yophulika mumsewu mwanu. Zizindikiro zimenezi mumaziona ndinu labotale isanadziwe kanthu, ndipo foni yanu yokanena kuti madzi afiira kapena paipi yaphulika pafupi ndi ngalande ndi imene imatumiza munthu wa botolo lija.

Zina timadziputira tokha, ndipo apa sindikusekererani. Pali anthu amene amalumikiza pampu ya magetsi mwachindunji ku paipi ya mumsewu kuti azikoka madzi akachepa mphamvu. Thanki yawo imadzaza ndithu, koma akuyamwira nyansi m'paipi ya msewu wonse. Ena amasiya paipi ya mphira itamira m'diramu kapena m'beseni ya zovala. Madzi akathawa mwadzidzidzi, za m'diramumo zimabwerera m'paipi n'kukatulukira kwa oyandikana nawo. Kukamwa kwa paipi kuzikhala pamwamba pa madzi, pakhale mpata wa mpweya.

Ndiye pali thanki. Ndakwerapo pamatanki ambiri, ndipo zimene ndaona mmenemo sindingazilembe zonse m'magazini ya pabanja: zivindikiro zosweka, zitosi za mbalame, abuluzi akufa, pansi matope a zaka. Mu 2008 ku Alamosa, m'chigawo cha Colorado ku America, anthu oposa 400 anadwala Salmonella, ndipo ofufuza analoza thanki yosungira madzi a tauniyo imene inali ndi ming'alu ndi mabowo olowera zonyansa za nyama. Madziwo sankathiridwa klorini. Ngati thanki ya tauni yonse ingachite zimenezi, nanga yanu ya padenga? Itsukeni kosachepera kamodzi pachaka, ivindikireni zolimba, ndipo potulukira mpweya ndi potayira madzi osefukira muikepo sefa.

Funso: Malume, masiku ano madzi athu akununkha klorini. Amuna anga akuti mankhwala amenewa ndi amene akutidwalitsa, ndiye timatunga n'kuwasiya m'ndowa yosavindikira usiku wonse kuti fungo lichoke. Tikulakwitsa? — Mayi wodera nkhawa

Yankho: Mukulakwitsa, achemwali, ndipo alamu angawo muwauze kuti ndatero ndine.

Koyeretsera madzi amathira klorini wokwanira kupha tizilombo ta pamenepo, n'kuonjezera pang'ono woti aperekeze madziwo m'mapaipi mpaka kwanu. Wotsalayo ndiye mukumumva. Malangizo a World Health Organization amati patapita mphindi 30 chithirireni pakhale patatsala mamiligalamu osachepera 0.5 pa lita, ndipo pampope wa munthu asatsike kupitirira 0.2. Malire a pamwamba, amene munthu angamwe moyo wake wonse osavulala, ndi mamiligalamu 5 pa lita. Mphuno imayamba kumva fungo kutali kwambiri tisanafike pamenepo. Ife tinkayenda ndi timapiritsi timene tikaponya m'madzi a klorini amasanduka apinki. Pampope pamene madzi akhala osasintha mtundu ndi pamene mtima unkandigunda.

Fungo likakula mwadzidzidzi, kawirikawiri ndiye kuti a bungwe aonjezera dala chifukwa akukayikira kanthu kapena angokonza paipi. Imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa yochotsa klorini. Ndowa yosavindikira usiku wonse imataya chitetezo n'kulandira fumbi, ntchentche, mphemvu ndi manja a ana. Ngati fungo likukukanikani, thirani a tsiku limenelo okha m'jagi yoyera yovindikira, muike pozizira kwa maola angapo, mumwe tsiku lomwelo.

Mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira klorini m'madzi ake mosalekeza mu 1908, mizinda ina n'kutsatira, ndipo tayifodi amene ankapulula anthu m'mizinda imeneyi anachepa kwambiri. Ku Havelock North, ku New Zealand, anthu ankamwa madzi a pansi pa nthaka osathira kanthu pokhulupirira kuti ndi otetezeka. Mu Ogasiti 2016, itagwa mvula yamphamvu, ndowe za nkhosa zinafika m'madziwo, ndipo mwa anthu 14,000 a m'tauniyo pafupifupi 5,500 anadwala Campylobacter.

Komabe klorini sapha zonse. Kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, kamene si bakiteriya, kali ndi chikhungwa cholimba ndipo klorini wa pampope sakachita kanthu. Mu 1993 kanadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America. Choncho chenjezo likati wiritsani, wiritsani, ngakhale madziwo akununkha klorini.

Funso: Malume, ena akuti madzi awire mphindi 20, ena akuti akangotentha basi. Pakhomo pathu tilipo 9, ndipo moto wowiritsira madzi a anthu onsewa tsiku ndi tsiku sitingaukwanitse. Pali njira ina? — Mnyamata wosamala abale ake

Yankho: Mphwanga, mphindi 20 n'kuwononga moto. Madzi akafika pobwata, kuchita kugudubuzika, osati timathovu ta pansi pa poto, werenga mphindi imodzi, phula. Okhala m'mapiri otalika kupitirira mamita 2,000 awerenge zitatu, poti kumeneko madzi amawira asanatenthe kwambiri. Tizilombo ta m'mimba timayamba kufa madzi asanawire n'komwe, akangodutsa madigiri 65 kapena 70, koma timanena za kubwata chifukwa ndi chizindikiro chimene aliyense angaone popanda choyezera. Asiye azizire okha ali ovindikira. Usathiremo osawiritsa kuti afulumire kuzizira. Ndaona anthu ophunzira bwino akuchita zimenezi.

Sukuyenera kuwiritsa madzi onse a pakhomo. Ofunika ndi akumwa, otsukira m'kamwa, osungunulira zakumwa za ana, ndi otsukira zipatso ndi masamba odya osaphika. Ochapira ndi okolopera asiye.

Pa banja lalikulu chonchi, klorini ndi amene angakupepukire, kupatula ngati a zaumoyo anena kuti vuto ndi Cryptosporidium uja. Ukagula mapiritsi kapena mankhwala a m'botolo oyeretsera madzi, werenga zimene zalembedwa, chifukwa pali piritsi la lita imodzi, pali la malita 20, ndipo maonekedwe ake amafanana. Zikasowa, bulitchi wamba wochapira amagwira ntchito, bola akhale wopanda zonunkhiritsa ndi wopanda sopo, ndipo pabotolo palembedwe kuti mphamvu yake ili pakati pa 5 ndi 9 peresenti. Madontho 2 pa lita, 4 ngati madzi ali amtundu. Takasa, vindikira, dikira mphindi 30. Mphindi zimenezi ndi zimene anthu amaba, ndipo akaba ndiye kuti sanachite kanthu. Nthawi ikakwana madzi azimveka kafungo ka klorini pang'ono. Ngati sakumveka, bwereza muyezo womwewo, udikirenso mphindi 15. Bulitchi wokhalitsa kapena wokhala padzuwa amafooka.

Madzi amatope uyambe wawadikha, n'kuwatsanulira m'chiwiya china kudzera pansalu yoyera yopinda kangapo. Nsalu usaipeputse. Ku Bangladesh, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Rita Colwell linaphunzitsa amayi a m'midzi kusefa madzi ndi nsalu yakale ya sari yopinda kanayi, ndipo odwala kolera anachepa pafupifupi ndi theka, chifukwa tizilombo ta kolera timakonda kumatirira pa tinthu tokulirapo ta m'madzi timene nsalu imagwira. Theka linalo linadwalabe, choncho ukasefa uwiritse kapena uthire mankhwala.

Dzuwa nalo limapha. Dzaza madzi oyera m'mabotolo apulasitiki oonekera m'kati, osapitirira malita 2, uwagoneke padenga maola 6 dzuwa likuswa mtengo, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Kukamagwa mvula njira imeneyi iiwale. Za mafyuluta, funsa kaye kuti akugwira chiyani. Jagi ya makala m'kati imachotsa fungo ndi kukonza kakomedwe, koma mabakiteriya amadutsa, ndipo ikakhalitsa amaswaniramo. Fyuluta ya dothi lootcha imagwira mabakiteriya ambiri, bola isakhale ndi mng'alu.

Chimodzi chomaliza: chenjezo likanena za mafuta, mankhwala a m'munda kapena poizoni wina, likati musamwe, ndiye usamwe ngakhale utawiritsa. Moto umapha zamoyo, suchotsa mankhwala.

Funso: Malume, ife timawiritsa mokhulupirika chiyambire chenjezo, koma zidzukulu zanga zikutsegulabe m'mimba. Ndiye kuwiritsako kukuthandiza chiyani? — Agogo olera zidzukulu

Yankho: Agogo, ndikanafika pakhomo panu, poto sindikanamuyang'ana. Ndikanapempha kuona ndowa ndi kapu.

Madzi owiritsa amatuluka pamoto alibe kachilombo, komanso alibe chowateteza, poti klorini yense amauluka ndi nthunzi. Chimene chalowa pambuyo pake chimapeza malo opanda mlonda. Mwana wachokera kuchimbudzi, watola kapu imene inali pansi, waviika m'ndowa mpaka zala kumira: ntchito yonse ya m'mawa yathera pomwepo. Nthawi zambiri ndinkatunga botolo limodzi pampope, lina m'ndowa ya m'nyumba yomweyo, ndipo la m'ndowa ndi limene linkabwera ndi timadontho tambiri.

Sungani madzi akumwa m'chigubu cha kukamwa kochepa kumene dzanja silingalowe, kapena m'ndowa yovindikira ya kampope m'munsi. Muzitsanula, osaviika. Ngati palibe kuchitira mwina, pakhale chotungira chimodzi cha chogwirira chachitali, chopachikidwa pamwamba, chimene munthu samwera. Chiwiyacho chikhale patebulo, osati pansi. Musathire madzi atsopano pamwamba pa otsala. Malizani, tsukani ndi sopo kapena madzi a klorini, kenaka dzazani. Kutelera kumene mumamva mukapisa chala m'kati mwa chigubu ndi tizilombo tomanga nyumba. Wiritsani okwanira tsiku limodzi.

Komanso, agogo, madzi si khomo lokhalo. Mwana mmodzi akadwala, enawo amatengera kwa iye kudzera m'manja, m'matewera ndi m'chakudya. Sopo pochokera kuchimbudzi, posintha thewera ndi musanagwire chakudya ndi wofunika mofanana ndi poto uja.

Funso: Malume, nthawi ya chenjezoyi tingasambe madzi a pampope? Nanga mbale, ayisi wa m'firiji, ndi mkaka wa m'chitini wa khanda langa la miyezi 4? — Mayi wa khanda

Yankho: Akulu sambani, bola osameza. Khanda lipukuteni ndi kansalu, kapena lisambitseni madzi owiritsa ozizira, poti ana amamwa madzi osamba. Mbale tsukani ndi sopo, muziviike mphindi imodzi m'madzi a bulitchi, supuni yaing'ono imodzi pa malita 4, n'kuzisiya ziume zokha. Ayisi yense wopangidwa masiku a posachedwa tayani. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka.

Za mwanayo, achemwali, ngati mukuyamwitsa, bere lokha likukwanira mpaka miyezi 6, osaonjeza ngakhale madzi. Ngati ali pa mkaka wa m'chitini, wiritsani madzi, muwasiye osapitirira mphindi 30 kuti akhale akadali pa madigiri 70 kapena kuposa, sungunulani mkakawo, kenaka ziziritsani botolo lili lotseka. Botolo ndi nsonga yake muziphitse. Wotsala mukamwetsa, tayani.

Funso: Malume, mwana wanga wa zaka 3 watsegula m'mimba masiku awiri, ndipo lero ndaona magazi m'chimbudzi chake. Mnzanga akuti ndimugulire makapisozi ndi mapiritsi oletsa kutsegula. Nditani? — Bambo wothedwa nzeru

Yankho: Achimwene, kalata yanu ndinaiyankha tsiku lomwe inafika, koma ndibwereze pano chifukwa cha ena. Magazi m'chimbudzi cha mwana ndi ulendo wa kuchipatala lero lomwe. Mnzanuyo akufunirani zabwino, koma malangizo ake ndi oopsa.

Mapiritsi oletsa kutsegula amagoneka matumbo, tizilombo ndi poizoni wake n'kutsekeredwa m'kati. Mwana wamng'ono asapatsidwe, wamkulunso asamwe ngati pali magazi kapena thupi latentha. Makapisozi nawo ali pawiri. Ngati ndi kamwazi woyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Shigella, mankhwala oyenera amathandiza. Ngati ndi E. coli O157:H7, madokotala amawapewa, chifukwa angakulitse chiopsezo choti impso ziwonongeke. Pawiri pamenepa simungasankhe muli pakauntala. Vuto la impsoli limagwira odwala 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a mtundu umenewu, makamaka ana osafika zaka 5 ndi okalamba, ndipo limabwera mozemba, patatha pafupifupi sabata, pamene kutsegula kwayamba kuchepa ndipo makolo aika mtima m'malo. Mwana akachepetsa kukodza, akatuwa, akatupa nkhope kapena mapazi, akafooka modabwitsa, bwererani kuchipatala ngakhale munapitako kale.

Chimene chimapha msanga pa kutsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi. Yambani kumwetsa ORS musananyamuke, m'njira momwemo muzimwetsabe. Paketi isungunulidwe m'madzi otetezeka a muyezo wolembedwapo. Ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mchere ukachuluka umavulaza, choncho yezani, osangowaza. Mwetsani pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10, yambaninso. Woyamwa apitirize kuyamwa, wakudya apitirize kudya. Kuchipatala adzakupatsani mankhwala a zinki a masiku 10 mpaka 14. Mumalize ngakhale mwana atachira. Maso kulowa m'kati, kulephera kumwa, kugona kosadzutsika, khungu kusabwerera mukalitsina, zonsezi n'zothamanga nazo. Chimbudzi chamadzi okhaokha choyererako, chimene azachipatala amachifanizira ndi madzi otsukira mpunga, ndi chizindikiro cha kolera, ndipo ameneyu atha kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa.

Mukafika, musangonena za mwana yekha. Auzeni kumene mumatunga madzi, ndi kuti mwa oyandikana nawo ndani wadwala. Ku Walkerton kuja, woyamba kuchenjeza a zaumoyo anali dokotala wa ana wa ku Owen Sound, mzinda wina wa m'chigawo chomwecho, amene anazindikira kuti ana awiri a zizindikiro zofanana achokera m'tauni imodzi.

Funso: Malume, atiuza kuti madzi ali bwino tsopano. Tingoyamba kumwa? — Mphunzitsi wa pasukulu yogonera

Yankho: Aphunzitsi, kumbali ya a bungwe, chenjezo salichotsa ndi botolo limodzi, m'mayiko ambiri amadikira kuti madzi otungidwa masiku awiri otsatizana apezeke opanda kanthu. Koma iwo ayeza mapaipi awo, anu sanayeze. Madzi a sabata yatha akadali m'mapaipi a m'makoma, m'thanki ndi m'mafyuluta.

Tsegulani mipope yonse ya madzi ozizira iyende mphindi zosachepera 5, kuyambira yapafupi ndi mita kumalizira yakutali, ndipo pasukulu ya nyumba zambiri nthawiyo ionjezeni. Musaiwale mipope imene sigwiritsidwa ntchito kawirikawiri, monga ya kuseri kwa khitchini ndi ya m'chipinda cha odwala. Timasefa ta kukamwa kwa mipope masulani, tsukani. Thanki ikhuthuleni, muikweche, muitsuke ndi klorini, idzaze mwatsopano. Mukapanda kutero, ana adzamwa madzi a nthawi ya chenjezo kwa masiku ena ambiri. Zam'kati mwa mafyuluta sinthani, ayisi tayani, zigubu zonse zitsukidwe. Ngati pasukulupo pali ana amene akutsegulabe m'mimba, apatseni chimbudzi chawochawo, asathandize kugawa chakudya mpaka patapita masiku awiri atachira, ndipo pemphani a zaumoyo adzatunge botolo pa thanki yanuyo musanalole ana kumwa pampope.